Makompyuta akale a m'sitolo ya sukulu ndi chinthu chotchedwa GEM

Uthenga uwu wachokera kwa aphunzitsi ena a ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndaudulako pang'ono koma mawu ndi awo:

"Moni akatswiri. Ndimaphunzitsa pa sukulu ina kufupi ndi Ulónguè. Tikusesa m'sitolo tapeza makompyuta anayi akalekale, aja oyera koma anachita chikasu, ndi masikirini awiri a chimsana. Palibe akudziwa kuti anabwera liti. Awiri alembedwa 486, imodzi Pentium, inayo palibe cholembedwa. Imodzi ya 486 ndinaiyatsa inayaka, inangolemba C:\> basi. Mphwanga analemba DIR tinaona GEM.BAT, atalemba GEM panatuluka zithunzi za madiski ndi mafoda ngati Windows koma si Windows, ndipo kamuvi sikakuyenda ngakhale tigwedeze mausi. Ina ikungolira piiii pi pi osaonetsa kanthu, ya Pentium ikulemba za CMOS n'kuima, yachinayi sindinaiyatse. Kodi GEM ameneyu ndi vairasi? Tingaphunzitsire ana pa zimenezi kapena tingotaya? Akulu a sukulu akuti tigulitse kwa ogula zitsulo."

Aphunzitsi, zikomo kwambiri, ndipo mtima ukhale m'malo, si vairasi ayi. Chimene mwaonacho ndi pulogalamu yeniyeni yolemekezeka, ndipo anthu ambiri amene akukonza makompyuta lero kuno ku Tete sanaionepo ndi maso. Ine ndayamba kugwira makina awa nthawi imene ma 486 anali akadali m'maofesi, ndiye nditawerenga uthenga wanu ndinasangalala zedi. Chimene ndikupempheni choyamba n'chakuti mukawauze akulu a sukuluwo adikire kaye mwezi umodzi asanaitane a zitsulo, ndipo yachinayi ija musaiyatse mpaka mutamaliza kuwerenga zonsezi. Mwachita bwino kuisiya.

GEM ndi chidule cha Graphics Environment Manager. Inapangidwa ndi kampani ya Digital Research ya ku California, ya a Gary Kildall amene anapanganso CP/M, pulogalamu yakale yoyendetsa makompyuta, ndipo inatuluka kumayambiriro kwa 1985, miyezi ingapo Windows yoyamba isanatuluke mu November chaka chomwecho. Ndiye musaione ngati yongokopera Windows, ndi mkulu wake. Payokha siyendetsa kompyuta, imakhala pamwamba pa DOS, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene mumachita kuilembera malamulo, n'chifukwa chake munayamba mwaona C:\> kenako n'kuiyitana ndi dzina. A Apple atawona kuti ikufanana kwambiri ndi Macintosh yawo anadandaula, ndipo a Digital Research anavomera kusintha, moti GEM yachiwiri inatuluka ndi mawindo awiri okha osasuntha, lina pamwamba lina pansi, kabini kotayamo mafayilo kaja atachotsa. Apa ndiye mungadziwire imene muli nayo: ngati mukuona mawindo awiri ogona chopingasa odzaza sikirini yonse, ndi GEM yachiwiri kapena yachitatu, ndipo pa 486 kawirikawiri imakhala yachitatu. Ku Ulaya inadziwika kwambiri chifukwa cha makompyuta a Atari ST ndi Amstrad PC1512 amene ankabwera nayo kale. Kenako Windows 3.0 itabwera mu 1990 anthu anathamangira kumeneko, GEM n'kuyiwalika.

Koma pali chinthu chimodzi chimene chandikhudza kuposa mbiri yonseyi, ndipo ndikhalapo pang'ono. Munthu amene ankasunga GEM pa 486, nthawi imene anzake onse anali pa Windows, nthawi zambiri anali ndi chifukwa, ndipo chifukwacho chinali Ventura Publisher. Iyi inali pulogalamu yokonzera mabuku, timapepala ta nkhani, ndi timabuku ta nyimbo tisanapite kosindikiza, inatuluka mu 1986 ndipo inkayenda pa GEM. Ndiye mphwanuyo alembenso DIR muone ngati pali foda yolembedwa VENTURA kapena TYPESET, kapena fayilo ya VP.BAT, kapena mafayilo othera ndi .CHP. Mukazipeza dziwani kuti kompyutayo inali ya munthu wolemba ndi kukonza mabuku, ndipo kwathu kuno ntchito ngati imeneyo inkachitika kumamishoni ndi m'mapulojekiti a sukulu za akulu nkhondo itatha mu 1992. Mwina muli timabuku ta Chinyanja, miyambi, nthano zimene agogo ena anafotokoza, maphunziro a zaulimi, zinthu zoti pepala lake chiswe chinadya kalekale ndipo zatsala mu diski imeneyo basi. Ine ndinapezapo m'kompyuta yotere mndandanda wa mawu a Chinyungwe ndi Chipwitikizi, masamba ambirimbiri, mwini wake atamwalira, ana ake osadziwa n'komwe kuti bambo awo anasiya ntchito yotero. Kuyambira tsiku limenelo sindifufuta diski yakale ndisanaone zamkati. Chitsulocho mtengo wake ndi wochepa, koma zolembazo zikapita zapita.

Ndiye ntchito yoyamba si mausi ayi, ndi kupulumutsa za mu diski. Diski imene yagona zaka makumi awiri kapena kuposa imatha kuyaka lero, mawa, mkuja n'kufa osatsanzika, choncho lekani kuiyatsayatsa poonetsa anthu. Mukadzaiyatsanso, ikangoyamba kuwerenga memori dinani Del, ena ndi F1 kapena F2, mulowe mu BIOS, masamba a zoikamo za kompyuta yeniyeniyo, mujambule ndi foni tsamba lililonse makamaka pamene palembedwa Cylinders, Heads ndi Sectors. Manambala atatu amenewo ndi adiresi ya diski yanu. Ma 486 ena sadzipezera okha diski, ndiye batire likafa manambalawo n'kufufutika, kompyuta imakana kuti mulibe diski pamene ilimo, ndipo mukaika manambala olakwika imawerenga zosokonekera. Nthawi zina amalembedwanso pa chipepala cha pa diski penipenipo, koma amene anagwiritsidwa ntchito poikonza ndi a mu BIOS, ndiye jambulani amenewo.

Kukopera kwake kuli njira ziwiri. Yapafupi ndi kuchotsa diskiyo n'kuilumikiza pa laputopu ndi kachipangizo ka USB kolowa ma diski a IDE, aja a mapini 40. Windows ya lero imawerenga bwinobwino FAT16, kasanjidwe ka mafayilo ka madiski a DOS, mumangokopera zonse mu foda imodzi. Koma ikakufunsani kuti diskiyi ifunika kufomatidwa, yankhani ayi, ayi ndithu, muzule. Madiski ena aang'ono akale kwambiri sagwirizana ndi tizipangizo ta USB timeneti, si kuti afa. Zikatero njira yachiwiri ndi kuika khadi ya CompactFlash (CF), ija yosungira zithunzi m'makamera akale, m'kompyuta yakaleyo ngati diski yachiwiri, pogwiritsa kabolodi kosinthira CF kupita ku IDE, n'kulemba XCOPY C:\*.* D:\ /S /E, kenako khadiyo mukaiwerengera pa laputopu. Pamafunika kusintha tizipini ta master ndi slave, touza kompyuta kuti diski yoyamba ndi iti, yachiwiri ndi iti, ndiye ngati simunachitepo, apa ndi poyenera kuyitana munthu wodziwa. Ndipo mukamva diski ikugogoda kuti tcha tcha tcha mobwereza, zimitsani pompo, musayesenso kachiwiri. Mukakopera, muyang'ane zimene zilimo ndi ulemu: ngati muli makalata a anthu, malipiro, za odwala, zimenezo si za ana asukulu kuona.

Tsopano yachinayi ija. Tembenuzani muone kumbuyo pamene pamalowa chingwe cha magetsi, pali kaswitchi kakang'ono kofiira kolembedwa 115 kapena 230. Magetsi athu a ku Mozambique ndi a 220, ndiye pakuyenera kuoneka 230. Makompyuta amphatso ochokera ku America amabwera ali pa 115, mukangolumikiza chonchi mumamva phuu, utsi, basi power supply, kabokosi kogawa magetsi m'kompyutamo, yapita, nthawi zina ndi motherboard yomwe, bolodi lalikulu lija. Ndinaonapo makompyuta atatu akupsa m'mawa umodzi pa ofesi ina chifukwa cha kaswitchi kameneka, anthu akuganiza kuti vuto ndi soketi n'kumangosinthira ina. Onani onse anayi, ndi masikirini omwe muwerenge chipepala chakumbuyo.

Mukatero tsegulani chivundikiro, chingwe chili chozula. Ku Angónia kwanuko kuli chinyezi ndi kuzizira, ndiye vuto lanu lalikulu ndi dzimbiri, makoswe ndi mphemvu, pamene ife kuno ku mzinda wa Tete ndi Moatize timalimbana ndi fumbi ndi kutentha kopitirira madigiri 40 mu October ndi November. Ndapezamo zisa za mavu, mazira a abuluzi, chimanga chimene khoswe anasunga, zonse. Pukutani ndi kaburashi kofewa kouma, osati nsalu yonyowa. Ndiye muyang'ane batire. Ma 486 ambiri ali ndi batire looneka ngati kamgolo kabuluu kapena kobiriwira, lowotchereredwa pa bolodi pafupi ndi polowa kiyibodi, ndipo limeneli ndi mdani wamkulu wa makina amenewa, likakalamba limatuluka madzi amene amadya timizere ta kopa pa bolodi. Mukaona zoyerayera ngati mchere kapena zobiriwira mozungulira, lidulidwe lichoke msanga, pamalopo mupake viniga pang'ono ndi kathonje, kenako spiriti, muumitse tsiku lathunthu. Ndikubwereza: pa imene ikuyaka ija jambulani BIOS kaye musanadule batire. Ngati timizere tadyeka kale mpaka kuduka, imeneyo ndi ntchito ya munthu wa soldering, aja okonza mawailesi ndi ma TV amaitha bwino kuposa achinyamata ambiri a makompyuta.

Ya Pentium imene ikudandaula za CMOS, kamemori kosunga zoikamo za BIOS ndi mphamvu ya batire, ndiye yosavuta mwa zonse. Batire lake latha basi. Kawirikawiri ndi lija lathyathyathya ngati ndalama yachitsulo, CR2032, limapezeka kwa ogulitsa mawotchi. Mukasintha mulowe mu BIOS, muike tsiku ndi nthawi, musankhe kuti ipeze yokha diski, musunge. Mukapanda kuona batire paliponse koma pali kabokosi kakuda kolembedwa Dallas kokhala ndi chithunzi cha wotchi, batire lili mkati mwa kabokosiko, ndipo pamenepo mpofunika katswiri.

Yolira piiii pi pi ija isakuopseni, kulirako ndi nkhani yabwino chifukwa zikusonyeza kuti purosesa ili moyo ndipo ikukuuzani pamene pakupweteka. Pa ma BIOS a Award, kulira kumodzi kwakutali ndi kuwiri kwakufupi ndiye kuti sikuona khadi ya sikirini. Zulani khadi imene pamalowa chingwe cha sikirini, mupukute mano ake agolide aja ndi labala wa pensulo, muuzire, mubwezere mokanikiza bwino mpaka ikhale pansi. Muchite chimodzimodzi ndi timabolodi ta RAM, tija timalowa mopendeka n'kuimitsidwa mpaka tizitsulo ta m'mbali titagwira. Musanagwire chilichonse gwirani kaye chitsulo cha bokosilo. Makompyuta ambiri amene anabwera kwa ine akuti afa anadzuka ndi labala basi. Chenjezo limodzi: makina a nthawi imeneyo ali ndi mapulagi awiri a magetsi opita pa bolodi, P8 ndi P9, mukawazula pobwezera mawaya akuda akhale pakati moyandikana. Mukasemphanitsa mwaotcha bolodi.

Tibwere pa kamuvi kosayenda. Mu DOS mausi siingoyenda yokha ngati pa Windows, ndipo zifukwa zimakhala zitatu kapena zinayi. Choyamba mtundu wa mausi. 486 yambiri imafuna mausi ya serial, ya pulagi ya mabowo 9 yolowa pa COM1, ina imakhala ndi kabowo kozungulira ka PS/2. Mausi ya USB ya masiku ano yoikidwa kachosinthira kobiriwira kaja nthawi zambiri siyenda, chifukwa kachosinthirako kamangosintha maonekedwe a pulagi, mausiyo iyenera kukhala yodziwa kale zilankhulo zonse ziwiri. Anthu ataya ndalama zambiri pa tizinthu timeneti. Fufuzani m'sitolo momwemo, mausi zake zenizeni ziyenera kuti zili m'katoni ina. Chachiwiri, GEM poikidwa inauzidwa mtundu wa mausi ndi khomo limene ili, ndiye ngati inauzidwa COM1 inu mwalumikiza pa COM2 singaione, yesani khomo linalo kompyuta ili yozima. Chachitatu, mwina inaikidwa kuti izidalira dalaivala wa DOS, kapulogalamu koyendetsa mausi, amene sakuyitanidwa poyaka. Yang'anani ngati pali MOUSE.COM penapake, mulembe MOUSE musanalembe GEM. Ngati palibe, pali dalaivala waulere wotchedwa CuteMouse, fayilo yake ndi CTMOUSE.EXE, kakang'ono kwambiri, kamadzipezera kokha mausi ya serial kapena PS/2. Chachinayi ndi litsiro chabe: mausi za mpira zija, tsegulani pansi, chotsani mpirawo, mupale zakuda zimene zamatirira pa timagudumu. Pakadali pano yesani makiyi a mivi a pa kiyibodi, GEM imalola kusuntha kamuvi ndi makiyi amenewo, ndiye mutha kuyendayenda pang'ono mukudikira mausi. Ndipo mausi kapena kiyibodi ya PS/2 musamazule kapena kulumikiza kompyuta ili yoyaka.

Kodi mungaike GEM pa enawo? Eya, ndipo mwalamulo. Digital Research inagulidwa ndi Novell mu 1991, kenako zinthu zake za DOS zinapita kwa Caldera mu 1996, ndipo mu 1999 a Caldera anamasula GEM pansi pa chilolezo cha GPL kuti aliyense agwiritse ntchito ndi kuisintha. Anthu odzipereka anaitenga n'kupanga FreeGEM, anabwezeretsa mawindo osuntha aja ndi kabini, ndipo mtolo wosavuta kuika umatchedwa OpenGEM. Ventura yokha siili m'gulu lomasulidwali, imeneyo isiyeni pamene ili. Pansi pake muike FreeDOS, DOS yaulere imene a Jim Hall anayambitsa mu 1994 ndipo mpaka pano ikukonzedwabe, 1.3 inatuluka mu 2022 ndipo 1.4 mu 2025. OpenGEM imapezeka pa mapulogalamu owonjezera a FreeDOS, mumaisankha ndi pulogalamu yotchedwa FDIMPLES.

Vuto ndi kulowetsa zinthuzo m'makina oti sadziwa fulashi. 486 siyaka kuchokera pa USB, yambiri ngakhale pa CD siyaka, imadziwa flopi ndi diski basi. Maflopi a 1.44 MB amene mungapeze lero ambiri anachita nkhungu, ndipo ena ali ndi mavairasi akale a nthawi imeneyo amene amalowa mukayatsa kompyuta flopi ili mkati, ndiye musamangolowetsa iliyonse mwaipeza m'katoni. Njira imene ine ndimakonda ndi ya CompactFlash ija: chotsani diski yakale muisunge pouma, m'malo mwake muike khadi. Ilibe zozungulira, siitentha, siopa kugwedezeka, ndipo mukafuna kuikamo pulogalamu mumangoizula n'kukopera pa laputopu. Musagule yaikulu poganiza kuti ndi bwino. Ma BIOS ambiri a 1994 isanafike saona kupitirira 504 MB, ndipo FAT16 imathera pa 2 GB, ndiye khadi ya 256 kapena 512 MB ndi yokwana, GEM ndi zonse zake sizidya ngakhale kachigawo kakang'ono ka malo amenewo. Khadiyo muigawe ndi FDISK ndi kuifomata pa kompyuta yakaleyo, osati pa laputopu, poyatsa ndi flopi imodzi yabwino ya FreeDOS, kenako FORMAT C: /S. Ikakana kuyaka lembani FDISK /MBR muyesenso. Pochita zimenezi diski yakale ikhale itachotsedwa kale, chifukwa kulakwitsa chilembo chimodzi pa FORMAT ndiye mwafufuta zija timafuna kupulumutsa. Tizipangizoti simungatipeze pa shopu wamba, funsani kwa okonza makompyuta ku Tete, kapena poti inu muli pafupi ndi malire a Calómuè mwina ku Lilongwe n'kwapafupi kuposa kukwera chapa, minibasi yathu ija, mpaka kuno. Ojambula zithunzi akale amakhalanso ndi makhadi a CF ogona.

Musanavutike ndi zitsulo, yesani kaye zonse pa laputopu. Pali pulogalamu yaulere ya DOSBox imene imayerekeza kompyuta ya DOS, muikemo OpenGEM muzolowere, muone ngati ikukusangalatsani. Mafayilo a mu diski yakale aja mutha kuwatsegulanso momwemo osavutitsa diski yeniyeniyo. Poika GEM ikakufunsani za sikirini sankhani VGA ya 640 ndi 480 ya mitundu 16, imayenda pafupifupi pa khadi iliyonse. Foda ya GEMAPPS isasunthidwe pamene yaikidwa, ndipo ikadandaula kuti memori yachepa musathamangire kugula RAM, GEM imakhala mu 640 KB yoyambirira ija basi, ndiye mankhwala ake ndi kuchotsa madalaivala osafunika amene akuyitanidwa poyaka, monga a CD ngati simukuigwiritsa ntchito.

Funso lanu lalikulu, loti mungaphunzitsire ana, ndiyankha mosabisa. Mungathe, koma mudziwe chimene mukuphunzitsa. Mwana wa kumudzi amene sanagwirepo kiyibodi akufunika kudziwa pamene pali zilembo, kugwira mausi osanjenjemera, kudina kawiri, kukoka chinthu, kumvetsa kuti fayilo ndi chiyani, foda ndi chiyani, kusunga ntchito n'kudzaipezanso mawa. Zonsezi GEM imaphunzitsa bwino, mwinanso kuposa laputopu yatsopano, chifukwa mulibe zosokoneza, mulibe mavidiyo, mulibe mauthenga otulukira pakona, ndipo mwana akasokoneza zinthu mumangokoperanso khadi mphindi zochepa zabwerera. Muli mapulogalamu olembera, ojambulira, kawerengero, wotchi. Ndipo mwana amene wazolowera C:\> n'kumalemba yekha malamulo amakhala wosaopa kompyuta moyo wake wonse, ndaziona ndi anyamata amene ndawaphunzitsa ntchito. Koma musawalonjeze makolo kuti ana aphunzira Word ndi Excel, kapena intaneti, Facebook, WhatsApp, ayi. Ilipo pulogalamu ya DOS yotsegulira masamba a intaneti yotchedwa Arachne, koma masamba a lero ndi olemera ndiponso otsekedwa mwa njira imene makina awa sangakwanitse, mungotaya nthawi. Komanso GEM imatsegula pulogalamu imodzi pa nthawi, mukafuna ina mutseke yoyambayo. Ndiye muitenge ngati kalasi yoyamba, ana akafika pa kompyuta ya masiku ano asakayambire pa ziro.

Ngati cholinga chanu chachikulu ndi kulemba makalata ndi mayeso ooneka bwino, pali m'bale wake wina amene ndimamukonda, PC/GEOS, amene anatuluka mu 1990 ndi dzina la GeoWorks Ensemble, pambuyo pake n'kumatchedwa NewDeal Office kenako Breadbox Ensemble, ndipo mu 2018 anamasulidwa kukhala waulere. Ameneyu amatsegula mapulogalamu angapo nthawi imodzi, cholembera chake chimaonetsa tsamba momwe lidzatulukire pa pepala, ndipo pa 486 amathamanga modabwitsa. Amangofuna kuti mu fayilo ya zoikamo za DOS mukweze mzere wa FILES ufike cha m'ma 120. Ine ndikanakhala inu, pa ma 486 ndikanasiya GEM ya ana oyamba kumene, pa Pentium n'kuikapo GEOS ya aphunzitsi ndi ana okulirapo. Ena adzakuuzani kuti ikani Linux. Pa Pentium yoyambirira ya RAM ya 16 kapena 32 MB Linux ya lero yokhala ndi zithunzi siyenda, ngakhale zopepuka zija zimafuna zoposa pamenepo, ndiye musadzivutitse. Ikanakhala Pentium III kapena 4 ndikanalankhula zina.

Kanthu kena kamene anzathu a ku Malawi sakumana nako kwambiri koma ife tikumana nako tsiku lililonse ndi zilembo za Chipwitikizi, ã, õ, ç, é. Mu DOS mumalemba KEYB PO kuti kiyibodi ikhale ya Chipwitikizi, ndipo gulu la zilembo za Chipwitikizi ndi nambala 860, lina lodziwika ndi 850. Koma GEM ili ndi kaundula wakewake wa zilembo wosiyana pang'ono ndi wa DOS, ndiponso onsewa ndi osiyana ndi wa Windows ya lero, ndiye mawu ngati lição mutha kuwalemba bwino uku, mukatsegula pa laputopu n'kupeza tizizindikiro tachilendo. Si kuti fayilo yawonongeka, LibreOffice imalola kusankha gulu la zilembo potsegula fayilo ya mawu okhaokha, mumayesa 850 kapena 860 mpaka ziwoneke bwino. Yesani ndi chiganizo chimodzi kaye musanapatse ana ntchito yaitali. Chinyanja chathu ndiye sichivuta, kupatula w wa kadenga uja amene mulibe m'magulu onsewa, mungolemba w wamba. Za kusindikiza, pulinta ya USB iwalani, makina awa amafuna pulinta ya khomo lalikulu la mapini 25, makamaka zija zaphokoso za riboni zogwirizana ndi Epson. Ngati mulibe, sungani ntchito ngati mawu okhaokha, mutengere pa khadi, mukasindikize kwina.

Za magetsi ndinenepo pang'ono. Sikirini ya chimsana imadya magetsi ambiri, kawirikawiri kuposa kompyuta yeniyeniyo, ndiye ngati sukulu yanu ili pa sola yaing'ono batire lidzatha msanga. Sikirini yopyapyala yakale iliyonse yokhala ndi pulagi yabuluu ya VGA imagwira pa 486 popanda vuto, ndipo imadya pang'ono. Nthawi ya mvula ndi ziphaliwali muzizula zingwe kukhoma mukaweruka, osangozimitsa. Ndipo DOS ilibe zoti shut down, koma muwaphunzitse ana kutuluka mu GEM kaye kubwerera pa C:\> asanadine switchi, kuti fayilo isadukire pakati.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikukupemphani ndi mtima wonse kuti musatsegule: sikirini ya chimsana ndi bokosi la power supply. Mkati mwa sikirini imeneyo mumakhala mphamvu ya mavoti masauzande ambiri, ndipo imatha kukhalamo ngakhale mutazula chingwe, yapweteka anthu odziwa ntchito kale. Ikamalira tsiii, ikamanunkha ngati waya wopsa, chithunzi chikamapindika kapena kuthima, zimitsani mupite nayo kwa wokonza ma TV. Chimodzimodzi kompyuta ikatulutsa utsi, fani ya kumbuyo ikapanda kuzungulira, bokosi likamagwira dzanzi mukalikhudza, kapena mukaona timigolo ta pa bolodi tatupa pamwamba kapena tatuluka zofiirira, musapitirize, ndipo ana asayandikire mpaka munthu wa magetsi ataona, chifukwa nthawi zambiri kugwira dzanziko ndiye kuti soketi yanu ilibe waya wa pansi. Zimene zakanikiratu musatenthe pa dzala kapena kusiyira ana aziswa, galasi la masikirini amenewa lili ndi mtovu, ndipo utsi wa mabolodi ndi poizoni. Musanapereke yakufayo kwa a zitsulo muchotsemo RAM, makhadi, flopi, zingwe ndi zomangira zomwe, chifukwa ndi zimene zidzachiritse atatu enawo chaka chamawa.

Pa anayiwo ine ndikuyembekeza kuti awiri kapena atatu adzuka. Loweruka likubwerali chitani izi zokha: onani kaswitchi ka 115 ndi 230 pa onse, tsegulani muone mabatire, jambulani masamba a BIOS a imene ikuyaka ija, ndipo mphwanuyo alembe DIR /P mujambule zimene zatuluka. Munditumizire zithunzizo pamodzi ndi cha kumbuyo kwa kompyuta iliyonse ndi cha pulagi ya mausi, ndikuuzani khomo loti mulumikize ndi khadi yoti mugule. Mukaona VENTURA kapena TYPESET pa mndandandawo, zimitsani nthawi yomweyo mundidziwitse, tipeze njira yoti diskiyo ikopedwe isanayatsidwenso.